Chikwama cha Wezi

Lolemba, 6 Okutobala
Tsiku loyamba la maphunziro ku Bellville. Mutu wake: kupewa kudzipha pakati pa achinyamata. Anthu makumi atatu, theka atsata nkhuku ya masana. Wophunzitsa wangowerenga zapakhoma ngati ife tilibe maso. Kenako chithunzi, aliyense mano panja. Digiri ya zaka zinayi, ntchito yanga kugawa mabolopeni.

Lachitatu, 8 Okutobala
Zizindikiro ndaloweza kale: kudzipatula, kugawa katundu wako, bata ladzidzidzi munthu atavutika nthawi yaitali. Lamulo limodzi: funsa mosazungulira. Ndapempha a Enos, apampando a gulu la Amalawi kuno ku Joe Slovo, mphindi khumi pamsonkhano wa Lamlungu. Akuti, "Mwanawe, zimenezo ukazitchula umaziitana." Iwo luso lawo ndi maliro. Mtembo ukafuna ulendo wa kumudzi, gulu lonse limadzuka. Wamoyo adzionere yekha.

Lachisanu, 10 Okutobala
Kunyumba bata. Wezi, mng'ono wanga, wasiya kulira za mayeso oyeserera amene analakwa aja. Ndimati alira mpaka Khirisimasi. Wasesa, wachapa, walongedza chikwama chachikulu choti chipite kwa ana a amalume ku Rumphi. Ndamuyamika. Mtima wopatsa ngati amayi.

Lamlungu, 12 Okutobala
Andipatsa mphindi zitatu, anthu atayamba kale kupinda mipando. A Viness, mayi wina wa m'gulumo, akuti, "Wanga ndinabala ndekha, ndimamudziwa." Ena kuwomba m'manja. Makolo ongoyang'ana osaona kanthu. Mwana akangoti "ndili bwino", nkhani yatha. Ndidzayambitsa bungwe langa, awa adzamvera pa wailesi.

Lolemba, 13 Okutobala
Chikwama ndakasiya kwa a Masoud, aja amanyamula katundu wa kumudzi. Cholemera ngati muli njerwa. Wezi sanafune kundiperekeza.

Lachiwiri, 14 Okutobala
A Masoud anaimba ndili m'kalasi. Ndinadula kawiri. Kachitatu ndinatuluka, nditakonzeka kuwazazira. Iwo amatsegula chikwama chilichonse chisanakwere, kuopa za pabodala. Akuti muli yunifomu, nsapato za sukulu, bulangeti, foni, ndi chitenje cha malemu amayi chimene Wezi salola munthu kuchikhudza.

"Achemwali, zaka khumi ndikunyamula katundu. Anthu amatumiza zotsala. Uyu watumiza zoti avale mawa."

Munthuyu sanapondepo pa maphunziro athuwa. Ine ndinachinyamula ndekha pamutu, mpaka pa renki ya mabasi.

Chikwama ndabwera nacho. Wezi ndinamupeza atakhala pabedi lopanda bulangeti. Ndafunsa mosazungulira, ndi mawu enieniwo. Kosavuta kunali pakhoma paja. Sananene kuti ali bwino. Anayang'ana chikwamacho nthawi yaitali, kenako akuti, "Asisi, ndimadikira kuti mufunse."

Mawa kukiliniki, tonse awiri. Mabolopeni agawe wina. Wezi akundiitana