Mawu a Cosimo

Cisternino
9 Novembala 1993

Okondedwa achemwali Nunziata,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi ana ndi zidzukulu kumeneko ku Toronto. Kuno tilipo, kungoti maondo anga atha. Azitona chaka chino ndasiyira mkamwini wanga kuti akolole, ndipo theka zakolola ndi mbalame, poti munthuyo amadzuka dzuwa lili pamutu.

Ndalemba ndekha, mupirire nazo zilembozi. Sindinafune kuti wina andilembere, chifukwa muli nkhani imene takubisirani zaka makumi anayi, ine ndi mlongo wathu Cosimo.

Pamene munkapita mu 1949, Cosimo anali mnyamata wosenza miyala, wokongola nkhope, koma mawu ngati kamwana ka mbuzi komangidwa pachingwe, chibwibwi pamwamba. Mutamuonera m'filimu kumeneko, atamupatsa dzina loti Renato Valdieri, munandilembera kuti aphunzitsi a ku Roma ndi anthu oopsa, mwana uja tsopano akulankhula ngati bishopu. Ine ndinayankha kuti eya. Ndinanama, achemwali. Mawu aja sanali ake.

Ku Roma ankangofuna nkhope. Mkulu wa filimu ankamuuza kuti, "Muyang'ane mtsikanayo ngati ukufa naye, uziwerenga wani mpaka twente." Iye n'kumawerenga. Akatha kujambula, m'kachipinda kena munkalowa bambo wamfupi wadazi, dzina lake Egisto Bracaloni, n'kumayang'anitsitsa milomo ya Cosimo pansalu, n'kumaikamo mawu ake. Mafilimu makumi atatu ndi limodzi anayenda choncho, ndipo dzina la Egisto silinalembedwe pena paliponse. Akuluakulu a filimu anamuletsa Cosimo kutsegula pakamwa pagulu. Manyuzipepala ankati ndi munthu wozama maganizo. Kuzama kwake kuti? Anali mantha basi. Achikulire a kuno amadziwa, koma amasunga pakamwa, poti tauni ino inabala munthu wotchuka mmodzi yekha.

Chithereni ntchito, wakhala kwanga zaka khumi ndi chimodzi. Amavala chipewa, amazungulira bwalo la tchalitchi, alendo akamuzindikira amangowagwedezera mutu ngati papa. Ochapa malaya ndi kusita ndine.

Mwezi watha kunabwera kalata ya Ornella, mwana wa Egisto. Bambo ake ali kunyumba ya okalamba ya masisitere kufupi ndi Roma, ndipo madokotala anawachotsa kholingo. Salankhula, amalemba pasileti. Lachinayi lililonse masana amawaonetsa mafilimu akale, ndipo Renato akangoyamba kulankhula, Egisto amadziguguda pachifuwa n'kulemba kuti, "Ndine." Anzake amamuseka. Sisitere wamkulu anauza dokotala kuti mutu wayamba kusokonekera, ndipo anakonza zomusamutsira kuchipinda cham'mwamba kumene amakhoma zitseko. Ornella anayesa kufotokoza, iwo akuti mwana aliyense amaikira kumbuyo bambo ake, pepala lili kuti?

Ndinamuwerengera Cosimo kalatayo akudya nyemba.

"Ndi-ndiwalembera kalata," anatero.

"Kalata angalembe aliyense, ngakhale Ornella yemweyo. Ukatsegule pakamwa akakumve."

"Titina, ine ndatsala ndi chiyani? Ndi nkhope yokhayi imene anthu amaikumbukira."

"Nkhopeyo ndimaiona m'mawa uliwonse, inapita kalekale. Mnzako akukamutsekera ndi amisala chifukwa chonena zoona, iwe ukudandaula za chipewa?"

Anakankha mbale. Masiku atatu sanandilankhule, nane masiku atatu sindinasite malaya. Mukumudziwa, njala angaipirire koma malaya okwinyika ayi. Tsiku lachinayi ndinamupeza pakhomo atavala nsapato zake za ku Roma.

Sitima inatitengera tsiku lathunthu, ine nditatupa miyendo ngati maungu. Tinagona kwa Ornella, ndipo Lachinayi masana tinalowa m'holo ya okalamba aja filimu isanayambe. Achemwali, mukanaona. Timaagogo tokhala m'mipando ya matayala tinayamba kukonza tsitsi. Mayi wina wopaka milomo, wamkulu kuposa inu, anamugwira dzanja n'kulipsompsona, akuti chithunzi chake anachibisa m'buku la mapemphero mwamuna wake ali moyo. Cosimo n'kumagwedeza mutu, n'kumamwetulira. Ndinaona kuti wabwerera m'madzi ake, ndipo akhoza kutuluka muno osanena kanthu.

Egisto anali pakona, atafota ngati mphesa youma, kansalu kali pakhosi. Anamuyang'ana Cosimo nthawi yaitali, osati m'maso, koma pakamwa. Analemba pasileti kuti, "Wakalamba. Mano ndi ako?"

Cosimo anangomugwira paphewa, n'kutembenukira kwa anthu kuti amuone bwino mbali ya nkhope imene amaikonda. Pamenepo ndinamutsina m'nthiti mmene ankatitsinira amayi pa misa.

"Ma-ma-madona ndi mabwana," anayamba.

Kenako wina kumbuyo anaphulika nako kuseka, ena n'kutsatira. Bambo wina anati, "Asisitere, mpatseni madzi, wameza wezulo." Mayi wopaka milomo uja anapukuta dzanja lake pa diresi n'kunena kuti, "Ndiye kuti zaka zonsezi ine ndinkalapa kwa ansembe chifukwa cha mbuzi?"

Ndinaganiza kuti athawa. Makutu ake anafiira. Koma anapitiriza, liwu lililonse akulikoka ngati ndowa ya pachitsime. Anati mawu amene munkawakonda ndi a bambo awa, ine ndinkangowerenga manambala. Anati mphoto imene ndinalandira ndinaitenga ndekha, dzina lawo sindinalitchule, ndipo ndinali ndi pakamwa. Zonena zochepa choncho zinamutengera nthawi yophikira dzira kawiri, ndipo pofika kumapeto panalibenso woseka.

Sisitere wamkulu anaitanira Ornella pambali, ndipo ndinamva ndi makutu angawa kuti za chipinda cham'mwamba zatha. Musaganize kuti Egisto anathokoza. Analemba kuti, "Wachedwa." Anafufuta ndi mkono wa juzi, n'kulembanso kuti, "Khala pansi." Masisitere anayatsa filimu, ndipo Renato atayamba kulankhula, timaagogo tonse tinatembenuza mipando kuyang'ana kwa wadazi uja. Palibe anapemphanso Cosimo kuti amusainire kanthu.

Pobwerera, sitima itadutsa tauni ya Foggia, Cosimo anatembenukira kwa ine.

"Anandiseka, Titina."

"Anakuseka. Wafa?"

"Ayi."

"Ndiye gwira buledi uyu."

Ndinayankha choncho chifukwa pakamwa panga ndi pomwepa, koma kunena zoona, sindikudziwa ngati ndinachita bwino. Ndinapulumutsa mwana wa eni, wathu ndamuvula. Chibwerereni sanapitenso kubwalo la tchalitchi. Amakhala kukhitchini kumandisendera mbatata, kusenda kwake kotaya theka, ndipo ndatopa moti sindimukalipira n'komwe.

Mupereke moni kwa ana onse, ndi kwa alamu ngati akumvabe. Cosimo akuti moni wake ndisalembe, apereka yekha. Lamlungu likudzali tikachoka ku misa akuimbirani lamya. Zaka zonsezi mukaimba ndinkati watuluka, kapena wagona, kapena ali ndi chimfine, pamene munthu ali chiimire pambali panga akumvetsera mawu anu. Mukamva kambuzi kakulira m'lamyamo musadule, ndipo musamuthandize kumaliza mawu. Mudikire. Akuti ali ndi zambiri zoti akuuzeni.

Ndine mng'ono wanu,
Titina