Matekenya a Ababa ndi Jogu ya Mutelefoni

Amayi anga, kaya muli bwanji kumene mukupumulako? Ndine Lusiya, mwana wanu wachiwiri. Kuno ku Ntengo-Wambalame kuzizira kwafika msanga chaka chino, moti m'mawa madzi a mumtsuko amachita kuluma mano.

Ndiyambe ndi zabwino. Ndinachira nthawi ya mondokwa, mwana wamkazi, ndipo ine ndi amuna anga a Zakariya tinamutcha dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu chomwe chija. Kachewere wachita bwino kudimba, koma nyemba zambiri zinaolera m'munda ndi mvula yomaliza. Denga la nyumba yanu yophikira linagwa, tafoleranso.

Koma chandigwiritsa cholembera ndi amuna anu. Ndikuti amuna anu chifukwa masiku ena kuwatchula kuti ababa kumandilemera pakamwa.

Titakuikani m'manda, achimwene a Domingo anawabweretsera telefoni kuchokera ku Tete, ati kuti tiziwamva mawu. Anawaikiramo jogu, kamasewera ka timipira tamitundumitundu. Ukandandalika titatu tofanana timaphulika, telefoni n'kuimba kanyimbo kokutamanda. Poyamba tinkaseka kuona nkhalamba ikutokosa kagalasi ndi chala chozolowera khasu. Inu munkati chakudza sichiimba ng'oma. Ichi, amayi, chinabwera chikuimba, ife n'kumachiombera m'manja.

Ababa anasiya bawo. Anzawo anabwera kawiri katatu kudzawatenga, kenaka anatopa. Kutchalitchi anayamba kudumphadumpha. Ng'ombe zija, zidzukulu za ziwiri zimene anaziyendetsa wapansi pobwerera kuchokera kothawa nkhondo ku Malawi, anasiya n'kuzisuzumira komwe. Ndowe zinafika m'mawondo m'khola mpaka a Zakariya analowererapo. Chimene ababa ankasamala ndi kasola kotchajira telefoni. Ako ankakapukuta fumbi ndi malaya awo, n'kumakasuntha kutsata dzuwa.

Tsiku lomanga chiliza chanu ndi limene linanditembenuza mtima. Abale anabwera mpaka ochokera ku Chidzolomondo. Akulu a mpingo ali mkati mopemphera, tonse titaweramitsa mitu, kanyimbo kaja kanamveka. Nditatsegula maso ndinapeza ababa palibe. Anali kuseri kwa mtengo, atakhala pamanda a munthu wina, chala chili kalikiliki. Azakhali anandikodola, ine n'kuyang'ana pansi. Kunyumba ndinawafunsa ngati manyazi anawathera. Osadzutsa mutu anati, "Dikira mwanawe, ndatsala pang'ono kuwoloka." Kuwoloka chiyani, amayi? Munthu atakhala pampando!

M'mawa mwake ndinabisa telefoniyo m'nkhokwe. Anagudubuza nyumba yonse, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira. Atadziwa kuti ndine, ananyamula ndodo. Ababa amene sanandimenyepo chibadwire! Sanaitsitse pa ine, koma anaikweza, ndipo ndinali ndi pakati. Ndinakatenga telefoni ija n'kuwaponyera pamphasa, ndipo ndinatha milungu itatu osaponda pakhomo pawo. Chakudya ankapititsa a Zakariya.

Nditapitako, fungo linandilandira pakhomo. Mukukumbuka mmene munkanenera kuti mwamuna wanu ngakhale alibe nsapato, zidendene zake n'zotsukidwa ndi mwala? Ndinapeza mbale zaunjikana, ntchentche zili ng'waa. Pansi pa mpando panali chigubu cha mkodzo, poti kupita kuchimbudzi kunkawadulira jogu. Malaya anali omwe anavala tsiku la chiliza. Ndiye mapazi, amayi. Zala zonse zinatupa ndi matekenya, zina zikutuluka mafinya, ndipo iwo ankangokhulitsa phazi limodzi pa linzake maso ali pagalasi. Ndinatuluka n'kukasanza kuseri kwa nyumba. Sindinamve chisoni tsiku limenelo. Ndinanyansidwa basi, ndipo ndikukuuzani chifukwa kwa inu sindinabisepo kanthu.

Azakhali ankati alodzedwa. Ena kumpingo ankati ndi chiwanda, tisale kudya. Ine ndinawakweza panjinga yamoto kupita nawo kuchipatala ku Tsangano chifukwa cha mapaziwo. Aenifelimera, anamwino a pamenepo, mayi wachikulire wosathamanga polankhula, anatsuka mabalawo, ndipo nthawi yonseyo ababa anali pa jogu yawo, osati n'kubuula komwe. Mayiwo atamaliza anasamba m'manja n'kukhala pansi. Anafunsa ngati ababa amatha kusiya akafuna kusiya. Anafunsa zimene ankakonda kale ndi ngati akuzichitabe. Anafunsa ngati anapitiriza ngakhale ataona kuti zikuwawononga, komanso kuti zatha nthawi yaitali bwanji. Ndinayankha kuti chaka chinapitirira kale.

Mayi aja anati, "Awa si matsenga, ndiponso si ulesi. Ndi matenda, m'bale wake wa uchidakwa. Timasewerati anatipanga dala kuti munthu azimva kuti watsala pang'ono kupambana. Si aliyense wosewera amene amadwala, koma kamasewerako kakapeza munthu wa bala mumtima kamakhazikika." Kenaka anatembenukira kwa ababa n'kufunsa kuti, "Bambo, mukaizimitsa mumamva chiyani?"

Ababa anaika telefoni chafufumimba pabondo, n'kunena kuti, "Ndimamva mayi ake a uyu akutsokomola kuchipinda. Ndimanyamuka kuti ndikawapatse madzi."

Amayi, miyezi isanu ija munadwala, amene ankakutembenuzani ndi kukusambitsani ndi iwo. Ife tinalira maliro n'kubwerera aliyense kunyumba kwake. Palibe anawafunsa kuti m'nyumbamo mukumveka chiyani. Ndinachita manyazi, komabe kunyansidwa sikunachoke. Zonse ziwiri zinangokhala pamodzi m'mimba mwangamu, ndipo zilipobe.

Aenifelimera anati ababa tisawalande telefoni mwankhondo, koma tipangane nawo, ndipo tizibwera nawo mwezi uliwonse kudzacheza ndi amene amathandiza za maganizo. Tsopano ababa amagona kwathu. Telefoni imakhala ndi ine kuyambira m'mawa, iwo amaitenga akadya chamasana mpaka ng'ombe zikamabwerera. Masiku ena amasunga pangano. Masiku ena amanama ngati kamwana, ati akufuna kuimbira a Domingo, ndipo ndikamva bodza likutuluka pakati pa imvi zija ndimafuna kulavula. Koma mabala auma, ndipo Loweruka lapitali anapita okha kukhola n'kukalipira a Zakariya kuti anamanga molakwika chipata. Ndinasangalala kumva akukalipa.

Chomaliza ndi chimene chikundivuta kulemba. Dzana ndinatereka nyemba, mwana atagona, telefoni ili m'thumba la chitenje. Ndinati ndione kuti kanthu kameneka kali ndi chiyani. Ndinandandalika timipira titatu, tinaphulika, kanyimbo kananditamanda. Ndinati kamodzinso. Chimene chinandidzidzimutsa ndi utsi. Nyemba zinapserera mpaka mphika kung'aluka, mwana akulira mpaka mawu kusasa, ndipo sindikudziwa kuti anayamba nthawi yanji. Ababa anali ataima pakhomo akundiyang'ana. Sananditonze. Anangonyamula mdzukulu wawo n'kuyamba kumutonthoza, n'kunena chapansipansi kuti, "Waona?"

Ndaona, amayi. Kuyambira dzulo telefoniyo akusunga ndi a Zakariya, m'bokosi la zida zawo, ndipo ine sindiikhudzanso. Ndikukulonjezani kuti amuna anu sindiwataya, ngakhale tsiku limene andinyansa kwambiri. Mwezi wamawa ndidzakwera nawonso njinga kupita ku Tsangano, ndipo akakandifunsa za ine ndemwe ndikanena zoona.

Pumulani bwino. Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Lusiya