Sindikagwada kwa Bwana Akinrinade

Yaba, Lagos
11 Disembala, 2023

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi amayi, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukusautsani. Ine kuno ndili bwino. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumandidula ndisanamalize, ndipo ine ndikangomva mawu anu ndimabwerera ku umwana, n'kumangoti inde, inde.

Bambo aang'ono a Effiong anafika Loweruka lapitali monga munawatumira, atavala suti yawo ya kumaukwati, botolo la vinyo lili m'manja. Anati, "Mwanawe, vala bwino tizipita kwa abwana ako. Iwe ukangogwada basi, zoyankhula usiyire ine. Munthu akaona imvi mtima umafewa." Ndinawaphikira, anadya, koma sitinapite. Anachoka atatupa, ndipo ndikudziwa kuti akuuzani kuti Lagos wandizunguza mutu. Tsono imvani nkhaniyi kuchokera kwa mwini wake.

Inu mukamauza anthu kutchalitchi kuti Mfoniso ndi loya pa kampani yaikulu, mumaganiza kuti ndimakhalira kukhothi nditavala mkanjo wakuda. Ayi ndithu. Kwa Akinrinade ndi Thorne, ife maloya aang'ono timagulitsa nthawi. Mphindi zisanu ndi imodzi zilizonse zimalembedwa pa dzina la kasitomala, ndipo chaka chikamatha aliyense akhale atakwanitsa maola 2,000. Si maola onse amene munthu wakhala muofesi ayi. Kudya sikuwerengedwa, kuphunzitsa obwera kumene sikuwerengedwa, ndipo wokhala pamdipiti wa magalimoto pamilatho ya mumzinda muno wangotaya moyo wake. Kuti upeze maola asanu ndi atatu olembedwa umakhalapo khumi ndi awiri, Loweruka lomwe. Zaka zinayi ndakwanitsa osadandaula. Pamaliro a agogo munandiona nokha nditabisala kuseri kwa nyumba ndi laputopu pamiyendo, ndipo munauza alendo monyada kuti mwana ameneyu kuntchito kwawo sangapume popanda iye. Ukwati wa Ekaette, mng'ono wanga weniweni, ndinauonera pafoni.

Mnzanga Somto, amene timakhala tebulo limodzi, ndiye katswiri wa maola. Mkazi wake atachira, anathamangira kuchipatala, n'kujambulitsa ndi khandalo, n'kubwerera kuofesi. Patapita milungu ndinamufunsa kuti, "Kodi mwana uja wafanana ndi ndani?" Iye anati, "Achemwali, tsiku limene ndidzamupeze ali maso ndidzakuuzani." Tinaseka mpaka misozi, kenako aliyense anabwerera pakompyuta yake.

Kampani imalola loya aliyense kutenga mlandu wa munthu wosauka n'kumuimira kwaulere. Zimakongoletsa dzina lake, koma maola ake sawerengedwa. Ine ndinatenga wa Rasaki, wakabaza wa njinga yamoto. Apolisi anamugwira akuti ananyamula munthu amene anaba jenereta. Anakhala pa rimandi zaka zisanu ndi ziwiri, mboni sizibwera, mlandu ukungoimitsidwa. Nditapita kukamuona koyamba, anandiyang'ana kuyambira kunsapato n'kunena kuti, "Anti, inu ndinu loya wachinayi. Enawo anabwera kamodzi kamodzi. Inu mubwera kangati?"

Khothi linaika mlanduwo kumapeto kwa Novembala, tsiku lomwe kampani yathu imamaliza mgwirizano waukulu wa kasitomala wa mafuta. Gawo langa lonse ndinamaliza dzulo lake, ndinalipereka kwa Somto, kenako ndinakagogoda kwa bwana Akinrinade, mwini wamkulu wa kampani.

"Bwana, mawa m'mawa ndili kukhothi. Ndifika masana."

Sanadzutse n'komwe mutu. "Mlandu wa ndani?"

"Wa Rasaki, wa pa rimandi uja."

"Kapemphe tsiku lina."

"Tsiku lina ndi mu Epulo, bwana."

"Wakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Miyezi inayi imupha?" Anatembenuza kompyuta yawo kuti ndione. "Iwe uli m'mbuyo ndi maola ako. Somto anadutsa 2,000 kalekale. Ukufuna kukwezedwa, kapena ukufuna kukhala mpulumutsi wa dziko?"

"Zonse ziwiri, bwana."

Sanaseke. Anati, "Mawa ukapanda kuoneka m'chipinda chosainira mgwirizano, usadzanene kuti Akinrinade ndi woipa."

Ndinapita kukhothi, Bambo. Woimira boma anaimirira n'kupemphanso tsiku lina, akuti mboni yadwala. Foni yanga inali ikungonjenjemera m'chikwama. Chitulukireni sukulu ndinali ndisanayankhulepo pamaso pa jaji. Mawu anga oyamba anatuluka ngati a kamwana ka Sande sukulu. Jajiyo, mayi wachikulire ndithu, anati, "Kwezani mawu, mayi, kuno sitinong'onezana." Ndinakweza. Ndinafotokoza kuti ngakhale Rasaki akanapezeka wolakwa, chilango chake chikanakhala chitatha kale. Jaji anafunsa woimira boma dzina la mboni yodwalayo. Anavundukula mapepala, anavundukulanso, dzina osalipeza. Mlandu unathetsedwa pomwepo.

Musaganize kuti panali nthungululu. Rasaki sanalire, sanandigwire ndi chanza chomwe. Anaima m'mbali mwa msewu ndi kajumbo kake, n'kumayang'ana uku ndi uku. Anati, "Anti, njinga zamoto zapita kuti?" Ndinamuuza kuti mbali ino ya mzinda anaziletsa. Iye anati, "Nanga ine ndizidya chiyani?" Ndinamugulira mpunga wa nyemba, tinakhala pabenchi mpaka mlongo wake anabwera kudzamutenga.

Nditafika kuofesi, mgwirizano uja unali utasainidwa, anthu akuwombanitsa matambula. Palibe chimene chinasokonekera. Bwana anandidutsa ngati akudutsa khoma. Lolemba lake anandiitana: bonasi palibe, kukwezedwa palibe, ndipo andichotsa pa ntchito zonse zikuluzikulu. Chilango cha kuno n'chimenecho. Sakuthamangitsa ayi, amangokumana ntchito kuti maola ako aume okha, ndipo pofika Marichi amati si ife, ndi manambala akuchotsa.

Tsono mukuti ndikapepese. Ndikapepese chiyani, Bambo? Ndikagwada, ndiye kuti ndavomera kuti munthu uja akanayenera kugonabe pasimenti mpaka Epulo kuti ine ndikaime m'chipinda chozizira n'kumaonerera anthu akusaina mapepala. Pakamwa panga sipangatuluke zimenezo. Ndikudziwa kuti munagulitsa munda wa ku Akamkpa kuti ine ndiphunzire, ndipo sindinaiwale ngakhale tsiku limodzi. Koma sindikhulupirira kuti munaugulitsa kuti ndikaphunzire kugwada. Zimenezo ndikanaphunzira kunyumba kwaulere.

Ntchito sindisiyanso ayi. Akufuna ndichoke ndekha mwakachetechete, ndipo sindiwapatsa chisangalalo chimenecho. M'mawa uliwonse ndimafika nditatchena, n'kugogoda pachitseko cha mwini kampani aliyense kufunsa ngati ali ndi ntchito. Ambiri amayang'ana kumbali. Mayi Nwachukwu a za misonkho anandipatsa kantchito kochepa, n'kundiuza kuti, "Tseka chitseko, usanene kuti ndakupatsa ndine." Nthawi yotsalayo ndatenga mlandu wina wa pa rimandi, wa mayi wogulitsa tomato. Somto ataona anagwira kumutu. "Achemwali, mwapenga eti? Anthu akukumbirani dzenje, inu mukuwabwereka fosholo!" Patapita kanthawi anasendeza mpando wake n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Koma tandiuzani, jaji uja atati mlandu watha, munamva bwanji?" Ndinamuuza kuti adzapite yekha akamve.

Kunena zoona, mantha ndili nawo. Lagos sasekerera munthu wopanda ntchito, ndipo dzina la munthu wovuta limayenda msanga m'makampani muno. Koma zimenezi ndauza inu nokha. Amayi musawauze za Marichi, ndipo muwaletse kusala kudya chifukwa cha ine, shuga wawo salola.

Tsopano nkhani yabwino. Popeza ndilibe maola oti nditeteze, Khirisimasi ino ndikubwera kumudzi, Khirisimasi yoyamba chiyambireni ntchito. Muwauze amayi asakonze zambiri, supu wa masamba a afang wokhala ndi nsomba zouma akwanira, bola ndidzawathandize kudula masamba ndekha. Mundiperekere moni kwa azakhali a Affiong ndi onse a kwaya. Idara mumuuze kuti ngati akufunabe kuphunzira zamalamulo asabwerere m'mbuyo chifukwa cha zimene akumva za mkulu wake. Ndidzakhala naye pansi, ndidzamuuza zonse, zokoma ndi zowawa zomwe.

Inu Bambo, mkwiyo wanu musunge, mudzandikalipire ndili pakhonde panu. Ngati mwanena kale kutchalitchi kuti ndikukwezedwa, ndidzapita nanu Lamulungu, tidzakhale benchi limodzi, ofunsa adzafunse ine. Chimene ndikupempha n'chakuti mudzabwere nokha kudzandichingamira kudepoti, musadzatume munthu. Ndikufuna nkhope yoyamba kuiona ndikamatsika basi idzakhale yanu, ngakhale itakwinyika.

Ndine mwana wanu, wouma mutu ngati bambo ake,

Mfoniso