Mawu a Mtchona

13 Seputembala, Loweruka
Fumbi la ku mgodi tsiku lonse. Chifuwa chavutanso. Kwathu chisankho Lachiwiri. Benard, mng'ono wanga, akufuna uphungu kachitatu. Ndinamuphunzitsa ndi mapapo angawa, zaka makumi atatu pansi pa mgodi wa Marikana kuno ku Joni. Koma pa maliro a amayi, chimkuzamawu m'manja, iye anati: "Achimwene ndi mtchona, za pano sazidziwa." Anthu anangowerama. Zaka khumi tsopano osalankhulana.

14 Seputembala, Lamulungu
Ndatumiza mawu pa foni kwa Emelda, mlongo wathu. Kulemba pa foni kumandivuta. Ndati auze abale onse asamuvotere. Ndinatsokomola pakati, sindinafufute.

16 Seputembala, Lachiwiri
Akuvota. Ine chala choyera, chopanda inki. Sindinavotepo chibadwire. Kuno mlendo, kwathu mtchona.

19 Seputembala, Lachisanu
Wagwa. Mphunzitsi wina wamkazi wamuposa ndi mavoti 19 basi. Ndawerenga abale pa zala: 26. Lázaro wa ku Tete, wa chipinda choyandikana, akuti, "Madala, mwawina, nanga nkhope yamaliroyo?" Sindinadye. Ndikungomuona Benard ali mwana, atavala majombo anga a ku mgodi, kugwa pakhomo, kudzuka, kusekanso.

20 Seputembala, Loweruka
Emelda waimba. "Achimwene, mawu aja simunatumize kwa ine. Munaponya pa gulu la banja. Iyenso ali momwemo." Manyazi. Akuti oimba ndi ovina a pa kampeni onse abalalika pakhomo pake. Akungokhala pakhonde yekha, jekete ya ku Nyumba ya Malamulo pamapewa, dzuwa lonseli.

23 Seputembala, Lachiwiri
Foni yalira masana. Pagalasi "Onarebo", mmene ndinamulembera chifukwa cha mkwiyo. Ndinaisiya ilire kawiri. Kachitatu ndayankha.

"Achimwene, mawu anu ndawamvera kasanu. Chifuwacho chinayamba liti?"

Za mavoti sanatchule. Za umtchona sanapepese, ine sindinafunse. Ndangoti ndi fumbi chabe, Bena. Dzina limeneli ndinalitchula komaliza ali mu yunifolomu ya sukulu. Kenako akuti Disembala adzandichingamira pa depoti, galimoto yatsala imodzi koma imayenda. Sindinalonjeze.

24 Seputembala, Lachitatu
Ndatsitsa chikwama pamwamba pa wadiropu. Fumbi lokhalokha, zipi inafa kalekale. Lázaro akuti ku Zinniaville kuli telala amene amasoka mazipi. Mawa ndi takisi yoyamba.