Fulashi Yapita Kuchigayo

Ba Aaron,

Mukabwerako kumunda musandifunefune, ndathamangira kuchigayo ku Mpanshya. Khalani kaye pansi musanawerenge.

Dzulo munanyadira kuti tabuleti yapuma, zithunzi zonse mwazisamutsira mu fulashi, zamu tabuleti n'kufufuta. Munatinso fulashiyo mwaibisa poti ngakhale mbala singaganizepo, m'thumba la chimanga la kuseri kwa chitseko. Ine ndinali pa ntchito yosenda nthochi, mawuwo anangolowa khutu ili n'kutulukira linali.

Pepani, bambo. Thumba lomwelo ndawapatsa ba Patson, aneba athu, m'mawa uno kuti atigayitsire. Analimanga panjinga n'kunyamuka. Ndakumbukira nditaona kachingwe kolumikizira fulashi kali kokhakokha pawindo ngati kamasiye. Foni yawo sikulowa, ndiye ndikwera minibasi, mwina ndikawapeza akadali pamzere.

Mlandu ndi wanga, ndavomera. Koma inunso, anzanu fulashi amasunga m'chikwama, inu mwaisandutsa mbewu! Munkafuna imere?

Mmenemo muli zithunzi za ukwati wathu ndi kavidiyo ka malemu atate anu akuimba nyimbo m'chilankhulo cha Chisoli, kamene kulibenso kwina. N'chifukwa chake ndathamanga osamanga n'duku komwe.

Manje mverani. Tabuleti musaikhudze, mwafufuta zokwanira. Kachingwe kaja kasiyeni pomwepo, musakabisenso mu mtedza. Nkhuku sindinazitsekulire.

Mukapita kudimba mukathyole chibwabwa chambiri, masamba a maungu aja. Ndikapeza chigayo chalira kale, fulashi yasanduka ufa, lero tidyera chibwabwacho ukwati wathu wonse, pamodzi ndi suti yanu yobwereka ija.

Ndine wanu,
Justina