Zitini Ziwiri za Buluu

Lolemba, 2 Juni 1986

Chisanu. Nkhungu mpaka teni koloko, phiri osaoneka. Miyendo chimodzimodzi, ngati ya munthu wina.

Tsiku la chinkhoswe cha Yunike alitchula: pa 21 mwezi uno. Mwana wanga mmodzi yekhayo. Mnyamatayo ndi wa zaumoyo pachipatala chathu cha Ligowe, kwawo ku Zomba. Waulemu. Wandionapo kawiri, sanakwinye nkhope. Abale ake ndiwo sanapondepo kuno.

Ndiye nyumba ipakidwe penti. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikupaka makoma a eni, anga akadali ndi laimu wa chaka chomwe ndinagwa. Zaka zitatu tsopano. Makwerero aja ku Boma, tikuthamangira kuyeretsa nyumba ulendo waukulu wa Mtsogoleri woyendera mbewu usanafike. Ulendowo unakadzera kwina. Ine ndiye ndinatsala chigonere.

Balaza lino kale linali zipinda ziwiri. Nditatuluka m'chipatala, mkazi wanga Mailesi anagwetsa yekha khoma lapakati. "Simugona kumdima ngati mbatata, bambo a Yunike. Muziona anthu." Mkazi ameneyu! Bedi langa kuno kum'mawa, mipando uko kumadzulo, chitseko choyang'ana kumsewu pakati. Ndimaona amayi a madengu a manachesi, njinga, agalu, maliro, maukwati. Ondidziwa amakuwa moni ali panjira. Dziko langa lonse ndi chitseko chimenechi basi.

Pamene panali khoma lija patsala chipsera kuchoka pansi mpaka kudenga. Penti yabwino ichibisa. Ndauza Mailesi kuti mitundu ndisankha ine. Waseka. "Nanga angasankhenso ndani?"

Lachitatu, 4 Juni

Mutu wagwira ntchito lero, koyamba chichitikire ngoziyo.

Chipinda chachitali chotere n'chovuta. Mtundu umodzi ponseponse, chimaoneka ngati wodi ya kuchipatala. Mitundu iwiri yosamvana, chimaoneka ngati nyumba ya mitala.

Ndatere. Makoma atatu kirimu wofunda, wotsamira kuchikasu pang'ono. Khoma la kumadzulo, loyang'anizana ndi bedi langa, buluu wa thambo la mu Meyi mvula itangotha. Dzuwa la m'mawa limalowa pazenera la kumutu kwanga n'kukagwera pomwepo. Buluu payekha amazizira, amafuna mnzake wofunda. Kirimu payekha ndi phala lopanda mchere. Pamodzi amadzutsana. M'munsi, kulekeza m'chiuno, penti ya mafuta ya mtundu wa khofi kuzungulira chipinda chonse osadukiza, kuti mbali ya bedi ndi mbali ya mipando zikhale chinthu chimodzi. Komanso zala za anthu ndi fumbi sizioneka pa khofi.

Yunike: "Ababa, bwanji pinki ngati kwa anamwino kuja?" Ndati pinki ndi wa diresi, mayi, si wa khoma. Watupa masaya, kenako waseka.

Watulutsa bokosi langa lakale. Timatsalira ta penti tina sitinaume. Ndapaka pazidutswa za katoni, iye n'kumazigwirizira pakhoma m'mawa, masana ndi madzulo. Penti sasankhira m'chitini, imanama. Madzulo wavomera yekha kuti buluuyo ndi kirimu zikukhalana.

Fungo la burashi yanga. Ndainunkhiza ngati fodya.

Loweruka, 7 Juni

Alamu anga a Gerishon. Achimwene ake a Mailesi, eni mbumba, tcheyamani wa nthambi ya chipani, baji pachifuwa ngakhale popita kudimba. Alowa opanda odi. Malo ndi awo eti.

Iwo akufuna zobiriwira zowala ponseponse, m'munsi zofiira. "Alendo adziwe kuti banja lino ndi lokhulupirika." Ndati zobiriwira ndi zofiira zimakongola pambendera, m'mwamba, pamphepo. M'chipinda zimamenyana, munthu mutu umawawa.

Kungomaliza kunena, ndazindikira zomwe ndanena. Pakamwa ine! Mawu ochepa kuposa amenewa ena anapita nawo osabwerera. Andiyang'ana nthawi yaitali. "Mkamwini asamakule mwendo, alamu."

Mwendo wake uti?

Kenako ayamba kuyeza chipinda ndi mapazi. Kuchokera kumipando mpaka pabedi langa. Aima. Asuzumira kunsi, pamene pamakhala ndowa yanga. "Alendo makumi atatu akhala pati? Ndipo adya akuyang'ana zimenezi?"

Mailesi anali pakhonde akusankha nyemba. Sanatukule mutu. Yunike watuluka ngati waitanidwa.

Nyumba ndinamanga ine, njerwa iliyonse ndinaigwira. Dothi ndi lawo. Kwathu ku Chiradzulu amayi anatisiya, mlongo wanga ali ndi ana ake asanu ndi awiri m'nyumba ya udzu. Ndipite kuti? Pa chiyani?

Ndikuopa. Osati za mbenderazo. Za mapazi aja.

Kabuku aka kabwerere pansi pa matiresi.

Lachiwiri, 10 Juni

Mailesi analawirira ku Boma, wabwera masana pa lole ya mbatata. Zitini pakhonde gwa! Kirimu. Khofi. Buluu! Mitundu yanga ndendende. Akuti a Gerishon avomera, bola chithunzi cha Mtsogoleri chipachikidwe pakhoma la buluulo, pamwamba pa zonse. Chipachikidwe. Felemu yake ndi yakuda, ikhala bwino zedi pa buluu.

Ndapambana ine, munthu wa pabedi! Tcheyamani wathunthu wagonja kwa wopaka penti. Ndaimba nyimbo ya kutchalitchi mpaka nkhuku zathawa pakhomo.

Chimodzi chokha. Buluu wagula zitini ziwiri. Ndinamuuza kuti chimodzi chikwana khoma limodzi, kupaka kawiri. Ndafunsa za chinacho. Wati, "Mwina chiperewera," n'kunyamula ndowa ya kumjigo. Ine chiyambire ntchito sindinaperewezepo penti. Koma akazi ndi kuopa kwawo, asiyeni.

Lachinayi, 12 Juni

Wopaka ndi Malizani, mnzanga wakale wa pantchito. Dzanja lake ndimalidziwa, silinjenjemera.

Amuna anayi andinyamula pamphasa, bedi kulilowetsa chopendekera m'kachipinda ka kuseri, kosungiramo mbatata ya kachewere ndi makasu. "Mpaka penti iume," watero Mailesi. "Fungoli lingakutsekeni pachifuwa." N'zoona, penti ya mafuta imatero. Sindinakane.

Kachipindako mapazi asanu ndi awiri m'litali, bedi ladzaza. Pulasitala wosapakapo kanthu, wotuwa. Kazenera kamodzi kukula ngati Baibulo, koyang'ana kukhola la nkhuku. Msewu sukuoneka, ngakhale kumveka.

Koma burashi ndikuimva kuseri kwa khoma. Shwa, shwa. Ndakuwa kuti Malizani, yamba kumwamba iwe, ndipo mzere wa khofiwo ukoke chingwe, usadalire diso! Wayankha, "Ndamva, a folomani!" Taseka tonse, khoma lili pakati.

Ndi chisanu chino penti ifuna masiku atatu. Atatu ndipirira.

Lolemba, 16 Juni

Malizani wabwera kudzatsanzika. Wakhala pathumba la mbatata, chipewa m'manja. Akuti balaza lakongola moti munthu ungavule nsapato. Chipsera chija sichikuoneka n'komwe, khofi wamanga chipinda chonse pamodzi monga ndinanenera.

Ndafunsa ngati yauma.

"Inauma Loweruka, achimwene. Ndinagwira ndi chala."

Wayang'ana kudenga, wayamba kunena za lole yomwe ingamusiye. Wapita.

Mailesi madzulo: "Chinkhoswe chingodutsa kaye, bambo a Yunike. Mlendo ndi mame." Wandisambitsa, wanditembenuza, wandipaka mafuta kumsana kuti zilonda zisayambe. Manja ake ofatsa monga masiku onse. Bola akanakhala wankhanza, ndikanadziwa pokwiyira.

Mbatata za m'thumba la pafupi ndi mutu wanga zayamba kumera. Timaso toyera, tonse taloza kukazenera.

Loweruka, 21 Juni

Ndinapempha lumo ndi malaya anga oyera dzulo. Mwina aitana bambo a mwana. Mailesi wandiveka, mabatani onse mpaka pakhosi.

Nthungululu kuyambira m'mawa. Galimoto ziwiri. Mapazi ambirimbiri pasimenti yanga. Zonse ndamvera pakhoma: pemphero, mawu a ankhoswe, tambala ndi thadzi posinthana, kuwomba m'manja.

Mawu a mayi wina, ndikhulupirira ndi make mnyamatayo: "Koma nyumba yokongola inu! Buluuyu ndi kirimuyu anasankha ndani?" A Gerishon: "Tinangokhala pansi ife eni ake." Mayi uja: "Nanga bambo a mwana ali kuti?" A Gerishon: "Akupumula. Sakupeza bwino kwenikweni."

Ndikanakuwa. Khomali ndi la njerwa imodzi, akanamva onse. Ndatsegula pakamwa. Ndiye ndaganiza za Yunike atagwada pakati pa anthu, mutu pansi, apongozi ake akutembenuka kufunafuna kumene kukuchokera mawu. Ndatseka.

Dzuwa litapendeka Yunike wabwera yekha ndi mbale ya mpunga ndi chiwindi cha nkhuku. Wagwada pakhomo, atagwira diresi kuti isakhudze fumbi. "Ababa, mundikhululukire." Ndati chokhululuka n'chiyani mayi, taima ndikuone. Waima. Diresi ya pinki. Yamukhala, monga ndinanenera.

Atapita ndalira ngati khanda, malaya oyera ali m'thupi.

Lachiwiri, 24 Juni

Mame anakamuka Lamulungu. Ine ndikadali ndi mbatata.

Lero lole pakhomo. Mipando ya sofa, mphatso yochokera kwa apongozi. Aikoka pasimenti. Malo aliwonse a balaza lija ndimawadziwa ndi khutu, zaka zitatu si masewera. Yaima pansi pa zenera la kum'mawa. Pamalo pa bedi langa. A Gerishon: "Eya, apa ndiye pakhala ngati nyumba ya anthu."

Ndaitana Mailesi katatu. Wabwera kachinayi. Ndafunsa mosazungulira kuti ndibwerera liti.

Wakhala kumiyendo kwa bedi, kumene sindimva kanthu. "Achimwene akuti tione kaye. Apongozi azibwerabwera tsopano, ukwati usanachitike." Kenako: "Ndatopa, bambo a Yunike. Munda ndi wawo, ngolo ndi yawo, okunyamulani ndi ana awo. Ndikangane nawo ndi chiyani?"



Khoma langa la buluu sindinalione ngakhale kamodzi.

Lachisanu, 27 Juni

M'mawa Mailesi watulutsa matumba onse a mbatata, yekha, kuwakoka limodzilimodzi. Makasu. Wasesa, wachotsa akangaude. Ndati akulambula njira yoti bedi lidutse. Ndayamba kale kupinda bulangete.

Walowa ndi burashi yanga yakale ndi chitini. Chachiwiri chija. Chosatsegula.

Ndiye kuti ankadziwa. Pa 10 paja, ali m'sitolo ku Boma akuloza zitini, ine ndili kuno ndikuimba nyimbo za kutchalitchi, ankadziwa kale. Mitundu anandipatsa, malo anatenga. Kalanga ine. Palibe amapakira penti chipinda cha munthu wa masiku atatu.

Watsegula ndi mpeni. Wayamba khoma loyang'anizana ndi bedi, atandifulatira. "Munkati mukufuna muzimuona m'mawa mukadzuka."

Kapu inali m'manja mwanga. Ndinafuna kuiponya. Koma msana wake unali kugwedezeka, ndipo amapukuta nkhope ndi mpango pafupipafupi. Penti ikudontha m'chigongono, pansi, pachitenje chake chatsopano cha chinkhoswe.

Muno dzuwa sililowa. Buluu wopanda mnzake wofunda adzada, adzazizira, kachipinda kadzachepa kuposa kale. Ndikudziwa. Sindinamuuze.

Ndangoti, mayi a Yunike, musamazungulize ngati mukuzira pansi. Yambani kumwamba, muzitsika nayo pang'onopang'ono.

Wayamba kumwamba.

Akupakabe. Fungo la penti ladzaza muno, pachifuwa pakuthina. Lero palibe wanena zonditulutsa.