Mawu Anu Ali pa Tepi ya Nkhuku

Amayi, muli bwanji kumeneko kodi? Musanayankhe, tiyambe ndi ija munkanena kuti kujambula maukwati si ntchito, ndi njira yodyera mpunga wa eni. Sindinagonjebe. Koma lero ndabwera ndi manyazi, ndiye musaseke kwambiri.

Kuno tilipo. Achemwali a Esinati anachira bwinobwino, mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni, mudzamupepese nokha. Mtedza wachita bwino chaka chino, fodya ndiye watinyoza. Mbuzi yanu ija inadya ndiwo za kudimba kwa amalume, panopa ili pachingwe. Akuti inatengera ine.

Nkhani ndi iyi. Mwezi wamawa tikuvundukula chiliza chanu, ndipo amalume anati popeza ndine wa mavidiyo, ndikonze kanema woti anthu adzakuoneni ndi kukumvani. Ndinavomera modzitama. Ndinkadalira chinkhoswe cha achemwali, paja munalangiza mpaka anthu kuiwala kudya.

Mukukumbuka nditathawa sukulu n'kuyamba kunyamula chikwama cha a Mbewe, ojambula aja a pa Nsaru? Nthawi imeneyo tinkajambula pa tepi. Tepi ikadzadza, kukatoni. Sitinkafufuta kanthu, ngakhale kutsokomola kwa abusa kunkatsala. Kenako kunabwera kamera ya memole ndi pulogalamu ina ya pa kompyuta, a Mbewe n'kumati tatukuka. Ukadula vidiyo uike pa sidi, memole ufufute chifukwa Loweruka kuli ukwati wina ku Kabudula. Komanso anthu sankafuna zolankhula, ati zimatopetsa. Unkachotsa mawu onse, n'kuikapo kwaya. Aliyense ankatero. Chinkhoswe cha achemwali chinagwera m'nyengo imeneyo.

Ndaionera sidi ija, Amayi. Mulipo, chitenje chobiriwira chija, chala m'mwamba, pakamwa pakuyenda, koma chikumveka ndi kwaya ya amuna okhaokha. Mukuimba besi.

Masiku ano ndimadulira pa foni, kompyuta ija inapsa. Mapulogalamu atsopanowa ndi anzeru, mkwati wa ziphuphu amatuluka ngati wa pakalendala. Ndinayesa ina yoti imasiyanitsa nyimbo ndi mawu a munthu. Inachotsadi kwaya. Pansi pake panalibe kanthu. Ndinaibwerezabwereza m'shopu mwanga, mpaka wometa wa pafupi anabwera kudzaona ngati ndadwala.

Achemwali anati tipemphe amayi aang'ono alankhule m'malo mwanu, poti mawu anu ndi awo ndi amodzi, ine ndilumikize, palibe angadziwe. Tinayesa. Anangoyamba pang'ono n'kugwa misozi, ndiponso sakukumbuka zomwe munanena. Nanenso sindikukumbuka. Tsiku lija maso anga anali pa batire. Paja munkati makutu anga ndi ongokongoletsa mutu eti.

Dzana ndinapita kwa a Mbewe. Anasiya kujambula, akuweta nkhumba ku Kasiya, koma katoni ya matepi ilipo, ndipo kamera yakale imayakabe ukagwira bwino chingwe. Ndinapeza tepi ya tsiku lomwe anandibwereka kamera kuti ndiphunzirepo kunyumba. Ndinajambula nkhuku, Amayi. Tepi yonse nkhuku ndi mapazi anga. Inu munali pakhonde pomwepo, sindinakulozeni kamera ngakhale pang'ono. Koma chapakati mawu anu akumveka, kamodzi kokha, mukundiitana.

Ndiye pachiliza anthu adzaona nkhuku n'kumva inu. Amalume adzakwiya, ndikudziwa, koma zimene ndili nazo ndi zomwezo. Sindiikapo kwaya, sindidula. Ndikulonjeza kuti tepiyo sindibweza ndipo palibe adzaifufute, mpaka mdzukulu wanuyu adzakule adzamve mwini mphuno. Ndimakukondani, ngakhale simunandimvepo ndikunena.

Ndine wanu wosamva uja,
Ganizani

Mwina mwaiwala zomwe munanena. Ine sindinabwere, tepi ikupitirira ndi nkhuku mpaka kumapeto. Mukuti:

"Iwe Ganizani, nkhukuzo zikukwatiwa kodi? Zimitsa chinthucho, bwera ukhale pano tisende mtedza."